Mafuta pa satifiketi yanga

Ndinafika ku Nairobi ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi envulopu yakhaki imene mayi anaisokera m'kansalu kuti ndiziimanga m'chiuno. M'envulopumo munali satifiketi yanga ya Fomu 4. Mayeso ndinakhoza bwino, koma dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opita ku yunivesite kwathu, ndipo kwa zaka ziwiri ndinangokhala pakhomo, kuphunzitsa Sande sukulu ndi kudikira. Amalume, alongo awo a mayi, ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu othawa kwawo. Iwo ndi amene anandiitana kuti ndikayese mwayi pa yunivesite ina ya mpingo, kufupi ndi msewu wa ku Thika.

Nthawi inali yochepa. Ntchito ya amalume inkatha mu Disembala, ndipo ine ndinalowa m'dzikomo ngati mlendo chabe. Sukulu ikanditenga, indilembera kalata yopezera chilolezo cha wophunzira. Ikapanda kunditenga, ndibwerera nawo limodzi, ndipo nkhani ya sukulu ithera pomwepo. Zimenezi amalume anandiuza tsiku loyamba lomwe, tili pa khonde la fulati yawo ku Roysambu.

"Ndipo kuno si ku Ntcheu, mphwanga," anatero. "Wapolisi akakuimitsa usathawe, muonetse pasipoti. Usamunyamulire munthu chikwama, ngakhale atakhala wakwaya. Anyamata a ku Nigeria ali pamwamba pathu aja, moni basi."

Masiku amenewo kukamveka nkhani ya mapepala achinyengo, anthu ankaloza zala anthu a ku Nigeria, olakwa ndi osalakwa omwe. Ndikakumana ndi anyamata aja pa masitepe ndinkapatuka mpaka phewa kukhudza khoma.

Tsiku lotenga mafomu ku yunivesite kuja ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa. Munthu akandikankha ndinkamupatsa njira, poganiza kuti mwina ali ndi chifukwa. Dzuwa litafika pamutu, mtsikana wina wamtali, wa nsapato zofiira, anandigwira mkono.

"Iwe, ukudikira mngelo kuti adzakuitane? Anthu asanu ndi awiri akudutsa ine ndikuona. Kwanu ndi kuti?"

"Ku Malawi."

"Ndiye kuti ku Malawi anthu mumafa ndi ulemu. Tiye."

Anandikokera mpaka pawindo, n'kutenga mafomu awiri. Chingerezi chake chinali chothamanga, moti mawu ena ndinkawamva atadutsa kale. Tili m'matatu, minibasi ya kumeneko, pobwerera ndi pamene ndinazindikira kuti ndi mmodzi wa anthu a pamwamba pathu aja. Ankakhala ndi mchimwene wake ndi asuweni awiri, onse ofuna malo a sukulu, chifukwa kwawo mayunivesite ankatsekedwatsekedwa. Dzina langa sanavutike nalo. Ankangondiitana kuti Malawi.

Ndinayamba kukwera masitepe aja amalume akapita kuntchito. Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti anthuwo akukangana, osadziwa kuti akungofunsana za mchere. Mpunga wawo wa tsabola unandigwetsa misozi iwo akuseka. Koma asanadye ankagwirana manja n'kupemphera, ndipo Baibulo la mnzangayo linali lolembedwalembedwa kuposa langa. Ndinkadzifunsa kuti kodi anthu oopsa amapemphera chonchi? Komabe galimoto ya polisi ikadutsa pang'onopang'ono kunsi, onse ankakhala chete, ine n'kuyamba kuwerenga masitepe obwererera kwathu.

Kenaka makalata anabwera. Tonse awiri anatiitana kuti Lolemba tikaonetse masatifiketi enieni, awayerekeze ndi mafotokope amene tinapereka. Ndinali nditaona kale chikalata chomatidwa pakhomo pa ofesi yolembera ophunzira: aliyense wopezeka ndi mapepala osinthidwa aperekedwa kupolisi. Sichinkandikhudza. Pepala langa linali loyera ngati tsiku limene ndinalilandira.

Lamlungu masana amalume ankapita ku Kitengela ku mapemphero a Amalawi. Ndinawauza kuti ndikufuna kupumula. Ndinadziwa kuti ndi bodza, chifukwa mnzanga anali atandiitanira ku mapemphero awo.

"Ubwere ndi mapepala ako, Malawi. Sitilowa mu ofesi ya Farao tisanawapereke kwa Mulungu."

Ankasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Munali anthu osapitirira makumi atatu, achinyamata okhaokha, ng'oma imodzi ndi kiyibodi. Ine ndinakulira mu mpingo umene timapemphera titakhala pansi, mmodzi akutsogolera, ena tonse chete. Kumeneku aliyense ankapemphera mokweza nthawi imodzi, ena akuyendayenda, ena akumenya khoma ndi chikhatho. Ndinachita mantha, koma sanali mantha oti ndithawe. Ndinamva ngati ndaima pafupi ndi phiri lofuka utsi lija la m'Baibulo, ndipo ndinafuna kuti nanenso ndimvedwe.

Wotsogolera anali mchimwene wake wa mnzanga. Anatulutsa kabotolo ka mafuta a azitona, n'kuitana onse okhala ndi mapepala kuti abwere kutsogolo. Mafuta odzozera ndinali nditangowawerenga m'Malemba, ndinali ndisanawaonepo. Ndinaima pa mzere nditaweramitsa mutu, osayang'ana zimene anzanga akupereka. Nthawi yanga itakwana ndinachita monga ndinaphunzitsidwira kwathu popereka chinthu kwa wamkulu. Ndinaona kuti n'kupanda ulemu kupereka chinthu chobisika m'envulopu. Ndinasolola satifiketi, ndinaigwira ndi manja awiri, ndinapinda bondo, n'kutsinzina.

Anapemphera kwa nthawi yaitali, ine misozi ikutsika. Nditatsegula maso ndinaona chala chake chachikulu chikuchoka pakati pa pepala langa. Pamene chinali panatsala banga lozungulira, lonyezimira, ndipo linkakula ndikuona. Ndinacheuka. Anzanga onse ankapukuta mapepala awo ndi mipango. Ena anali omatidwa m'pulasitiki, ena anali mafotokope.

"Malawi!" anakuwa mnzanga. "Wapereka yeniyeni? Yosavala?"

Mchimwene wake anayang'ana chala chake ngati si chake. "Mlongo, ndinali nditatsinzina. Usaope, Mulungu aona."

"Mulungu aona, inde. Nanga mayi wa ku ofesi ya sukulu uja ndi Mulungu? Mutu wako ngati chilazi!"

Bangalo linagwera pa mzere wa Masamu. Maphunziro amene ndinkafuna ankalira kuti Masamu ukhale utakhoza bwino, ndipo ine ndinapeza 3. Masatifiketi a nthawi imeneyo ankalembedwa ndi makina a riboni, ndipo inki yake itakumana ndi mafuta inayamba kusungunuka. Tinathamangira kunyumba kwawo. Msuweni wina anati tipere choko tiwazepo. Wina anati ufa wodzola ana. Tinayesa zonse ziwiri. Potsiriza mnzanga anaika pepala loyera pamwamba n'kudutsitsa ayironi yofunda. Titachotsa, bangalo linali litakula ngati dzira la nkhuku, ndipo 3 uja anali atatsekeka mbali zonse. Munthu akanatha kunena kuti ndi 8. Kwathu 8 ndi kungodutsa chabe, ndipo fotokope imene ndinapereka ku ofesi inkati 3.

Ndinakhala pansi pa simenti. Aliyense woona pepalalo akanaganiza chinthu chimodzi: kuti ndinasintha fotokope, kenaka ndinaononga dala satifiketi kuti chinyengo chisaoneke.

"Tamvera," anatero mnzanga atagwada pafupi nane. "Mawa usatchule za mapemphero. Usatchule ife. Ukangoti Nigeria, aitana apolisi usanamalize chiganizo. Unene kuti botolo la mafuta ophikira linatayikira m'chikwama uli m'basi. Ndipo usayende nane, ine ndibwera pambuyo."

Amalume atabwera madzulo ndi moni wa anthu a ku Kitengela, ndinawaphikira tiyi. Anandifunsa ngati mapepala ali okonzeka. Ndinati ali okonzeka. Linali bodza lachiwiri tsiku limodzi, ndipo lachitatu linkandidikira m'mawa.

Kutacha ndinagwada pafupi ndi bedi, koma pemphero linakana kutuluka. Ndinkangoona munthu wa m'Baibulo uja amene anatambasula dzanja kuti agwire likasa la chipangano, nafera pomwepo ngakhale ankafuna zabwino. Ndinkaona mayi uja amene anagwirizana ndi mwamuna wake kunama pamaso pa atumwi, mapazi a omunyamula ali kale pakhomo. Kodi ndinachimwa popita ku mapempherowo? Kapena tchimo linali kuganiza kuti pepala limene Mulungu anandipatsa kale likufunikanso mafuta? Ndinangoti, Ambuye, musandisiye ndekha m'chipinda chimenecho.

M'matatu wailesi inkalira kwambiri, kondakitala akumenya denga, ine nditakumbatira envulopu pachifuwa. Pa geti ya sukulu panaima galimoto ya polisi. Mwina inangoima pazifukwa zake, koma ndinaidutsa osaiyang'ana.

Mu ofesi munali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, ndi mlonda ataima pakhomo. Mayiwo anatenga fayilo yanga, natambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinawapatsa satifiketi. Anaiyang'ana, anayang'ana fotokope, kenaka anainunkhiza.

"Ichi n'chiyani?"

Nkhani ya basi inali pa lilime, yokonzeka bwino, ngakhale dzina la malire a dziko pamene mafutawo anatayikira. Ndinatsegula pakamwa koma sinatuluke. Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Ndinangoopa Mulungu kuposa mlonda uja, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri.

"Ndi mafuta odzozera, mayi. Anaipempherera dzulo."

"Anaipempherera ndani?"

"Anzanga a ku Nigeria, ku Roysambu."

Mlonda anasuntha mapazi. Mayiwo anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, moti ndinkamva wotchi ya pakhoma.

"Ndipo mafutawo anasankha Masamu okha? Mzimu wanzeru bwanji."

Misozi inkagwera pa siketi yanga. Ndinaganiza za mayi anga akulandira uthenga woti mwana wawo ali m'chitokosi m'dziko la eni, ndi za amalume akuitanidwa kuntchito kwawo kuti afotokoze. Dzanja la mayi a mu ofesiwo linali pafupi ndi telefoni, ndipo maso anga sanachoke pamenepo.

Koma anaimirira n'kupita pawindo. Anatembenuza satifiketi chafufumimba, anaipendeketsa kuti kuwala kuigwere cham'mbali, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono kumbuyo kwake.

"Bwera kuno. Makina akale awa amamenya pepala ndi timisomali. Inki ikhoza kuthawa, koma pomenyedwa sipathawa. Ukuona?"

Ndinaona timadontho totukuka, tating'ono ngati mbewu za fodya, titandandalika motembenuka. Mbali imodzi inali yotseguka. Anali 3.

Anabwerera pampando, analemba mawu angapo pa fayilo, n'kumenyapo chidindo. Phokoso lake linandidzidzimutsa ngati mfuti.

"Ndakulemba. Koma teremu isanathe ubweretse kalata yochokera ku bungwe la mayeso kwanu yotsimikiza zimenezi, apo ayi ndikufufuta ndekha. Ndipo ndikuuze, mwana wanga: ukanakhala wa kwawo kwa anzakowo, sindikanavutika n'kutembenuza pepalali. Pita."

Ndinathokoza ndi manja awiri, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Mnzanga anali pa mzere panja, wachisanu kuchokera pakhomo. Anayang'ana kumbali monga tinapanganira, koma nditagwedeza mutu anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. Ndinakamudikira pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi.

Nthawi yake itakwana analowa, n'kutuluka patangopita nthawi yochepa kwambiri, wopanda envulopu m'manja. Satifiketi yake inali yosadetsedwa, magiredi ake oposa anga. Mayi aja sanapezepo cholakwa chilichonse. Anangoiika pa mulu wa mapepala ofunika kufufuzidwa kwawo, n'kumuuza kuti ayesenso chaka chamawa yankho likadzabwera.

"Wawauza za basi?" anandifunsa.

"Ayi. Ndanena zoona. Ndakutchulani."

Mpaka lero sindidziwa ngati mawu anga ndi amene anamuika pa mulu umenewo, kapena ngati akanaikidwapo ndithu. Ndafunsa Mulungu kangapo, sanandiyankhe. Ndinadikira kuti anditukwane monga anatukwanira mchimwene wake. Iye anangopukuta nkhope ndi mpango wake, umene unali ukununkhirabe mafuta.

"Ndiye ukulira chiyani, Malawi? Walowa. Mmodzi wa ife walowa. Imirira, ukalembetse maphunziro mzere usanatalike. Ndipo munthu akakudutsa, umuponde phazi."

Ndinaimirira ndi kupita kukaima pa mzere wa olembetsa. Nditacheuka, iye anali akutuluka pa geti yekha, akudutsa pafupi ndi galimoto ya polisi ija, pasipoti ali nayo kale m'manja.