Paipi ya Matope a ku Itawa

Ndinanyamuka ku Chamboli, mu mzinda wa Kitwe, Loweruka m'mamawa, paipi yaitali ili paphewa. Panali patapita zaka zingapo Zambia chilandirire ufulu. Wondituma anali mzungu wa kulabu ya mgodi, kopimira miyala, yemwe kwawo ankapima zaka za matope m'mathamanda a m'mbali mwa nyanja yamchere. Zambia ilibe nyanja yotero, ndiye anangokhutira ndi dambo la Itawa ku Ndola.

Iye ankati mabomba a nyukiliya omwe mayiko ankayesa anamwaza fumbi kumwamba, fumbilo n'kutsika ndi mvula kukagona m'matope. Ukapeza mzere wake, umadziwa msinkhu wa matope enawo, bola asasokonezeke. Anati ndikamubweretsera matopewo m'paipi asanakwere ndege Lamulungu, andichotsa pansi pamgodi n'kundipezera ntchito kulabuko. Chifuwa changa chinali chitatopa nako pansiko, ntchitoyo ndinkaifunitsitsa.

M'basi ya ku Ndola kondakitala anaiyang'ana paipi ija, n'kufunsa m'Chibemba kuti n'chiyani.

"Ninshi iyi, mukwai? Mfuti?"

"Awe, ni ya matope."

Anandilipiritsa mipando iwiri. Kuwindo kunakhala paipi.

Ku Itawa ndinalowa m'dambo mpaka m'chiuno, misundu n'kundilandira bwino. Dzuwa linapendeka ndikulimbana ndi kuikhomera paipi m'matope. Paipi itadzaza ndinaizula, n'kuitseka, n'kuyenda nayo choimika ngati mtsuko wodzaza.

Cha m'ma 4 ndinapatukira kwa azakhali anga, ku Ndola komweko. Kwathu mlendo salowa m'nyumba atasenza katundu, choncho anandilanda paipi pachipata pomwe.

"Isagone pansi, azakhali."

"Namvela, tate. Ngenani mudye."

Ndinadya chinangwa chootcha ndi mtedza, ndikumva madzi akukhavuka kuseri. Ndinkayesa akuchapa za kutchalitchi.

Potsanzikana anabwera nayo itaimirira ndithu, ikunyezimira.

"Munali matope okhaokha! Mwana wa mlongo wanga akwele basi na doti? Anthu azakamba chani? Nakwecha na phulusa."

Mtima unandipweteka koopsa. Basi yomaliza inali pafupi kunyamuka, kudambo kosabwererekanso. Ndinayang'ana manja awo otuwa ndi phulusa, iwo akumwetulira kudikira mawu anga. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza.

Ku Kitwe mzungu anasuzumira m'paipi, n'kuona kuwala kwa mbali inayo. Sanandikalipire. Anangoti paipi yoyera chonchi sanaionepo.

Ulendowo unandiphunzitsa kuti munthu wokukonda uzimuuza zonse, osati theka. Lolemba ndinavala chisoti n'kutsikanso pansi.