Si Mtima wa Nyamawo

M'mawa uliwonse, mayi wosita nsalu ku hotela amaima kaye pachitseko cha kuchipinda kwawo n'kutchera khutu. Akamva mkonono wa mwamuna wake, amatuluka nsapato zili m'manja. Kuntchito anamupatsa dzina loti Phee. Patha chaka ali m'dziko la eni, ndipo chinenero cha kuno amangodziwapo "inde" ndi "pepani".

Tulo tinamuthawa kalekale. Popemphera swala amaiwala kuti wafika rakaa yachingati, kuti wawerama kangati, n'kuyambiranso, n'kuiwalanso. Supuni ikagwa pansi, amadumpha n'kuyang'ana kukhomo.

Kuchipatala anapitako katatu, ndipo katatu konse womasulira anali mwamuna yemweyo amene amamumenya.

"Bambo, auzeni kuti mtima ukundiwawa."

Namwino anamumata timawaya pachifuwa, makina n'kulemba mizere.

"Akuti mtima wako ndi wa kamwana," anaseka mwamunayo. "Ukufuna akupezemo chiyani, njoka? Usiye kunditayitsa nthawi."

Phee anangokokera mpango kumaso. Ankafuna kukuwa kuti si mtima wa nyamawo, koma akuwe m'chinenero chanji?

Lachinayi anapsereza nsalu ziwiri za pabedi. Mayi wochapa matawulo, wa kwawo komwe, anazimitsa ayironi.

"Achemwali, mukufuna kuotcha hotela ya eni?"

Phee anayamba kulira, n'kunena zonse. "Kwathu ukati mtima ukuwawa, amafunsa kuti wakulakwira ndani. Kuno amakumata mawaya."

"Ndiye mumatenga wokumenyaniyo kuti akakunenereni? Achemwali inu!"

"Nanga nditani? Ndinauzako amayi a kumzikiti, akuti ndipirire."

"Apirire iwowo."

Mayiyo anamuphunzitsa mawu a kuno otanthauza kuti "ndimaopa kunyumba". Lilime la Phee linakana.

"Apo mwanena kuti mumaopa nkhuku. Bwerezani."

Anabwereza mpaka nthawi yowerukira, akupsa mtima ndi pakamwa pake pomwe.

M'mawa mwake sanatsike basi pa hotela. Anakafika kuchipatala yekha. Kalaliki wa pawindo anamufunsa ndi manja za mwamuna wake, kenako analoza pa kalendala mwezi wamawa. Phee ananena mawu aja. Kalaliki anakwinya nkhope, osamva. Ananenanso, mokweza, mpaka odikira pabenchi anatembenuka. Amene anali pambuyo pake anayamba kudandaula, koma iye anagwira thabwa la pawindo ndi manja onse awiri, n'kunenanso kachitatu. Namwino anatuluka, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumukodola kuti alowe.