Wilkins ndi Nkhunzi ya Bambo Athu

Mchimwene wanga Wilkins Shaba adabadwa ndi manja odana ndi dothi. Tili ana kwathu kufupi ndi Edingeni, ife tikamapalira chimanga iye ankakhala pachulu ndi buku. Sukulu idamukonda, ndipo atamaliza Fomu 4 adalowa ntchito kubanki pa Mzimba Boma. Mlimi wa fodya akamupatsa moni wa pamanja, Wilkins ankatulutsa kampango n'kupukuta chala chimodzichimodzi, mwini moni akuona.

Bambo athu, a Malizani, atamwalira, akuluakulu adachita mwambo wa Chingoni. Adasankha nkhunzi yakuda yong'ambika khutu n'kuipatsa dzina lawo kuti mzimu wawo ukhale pakhomo. Nkhunzi yotere sikoka ngolo, sigulitsidwa, simenyedwa. Amayi anali munthu wa tchalitchi, komabe m'mawa uliwonse ankagwada kunja kwa khola n'kunena m'Chitumbuka, "Mwawuka uli, aShaba?" Ankaiuza zonse, za mvula, za adzukulu odwala.

Chakumapeto kwa 1990 Wilkins adabwera atavala suti yatsopano.

"Mwamva pa wailesi, amama? Ku Ivory Coast munthu wa kubanki amupanga nduna yaikulu. Ino ndi nthawi yathu."

Ine ndidaseka, poti ntchito ya Wilkins inali kudinda mapepala pawindo. Koma mwini wake sankaseka. Anali kale msungichuma wa chipani, ndipo mtima unali dyokodyoko kufuna mpando wa ku Nyumba ya Malamulo. Masiku amenewo maina ankasankhidwa kulikulu, choncho wofuna mpando ankayenera kuonekera. Akuluakulu a chipani atati akubwera kudzachititsa msonkhano pa Boma, anthu adasonkha mazira ndi mbuzi. Wilkins adafika kumudzi ndi lole komanso anyamata a chipani a malaya ofiira, kudzatenga nkhunzi ija.

Amayi adamugwira mwendo wa thalauza. "Mwana wane, awo ndi bambo ako. Ndapota."

"Ndi ng'ombe iyi, amama. Ikupita kufamu kukabereketsa basi. Kapena ndikanene kuti pakhomo pano mwakana mphatso ya chipani?"

Abambo aang'ono onse adayang'ana pansi. Aliyense ankadziwa kumene wokana mphatso ankathera. Nkhunzi ija, imene inali isanalaweko chikwapu, adaikweza mulole ndi zibonga.

Tsiku la msonkhano ndidapita nawo pa Boma, pakuti amayi tonse tinkakakamizidwa kukavina. Pofuna madzi akumwa ndidazungulira kuseri kwa nyumba imene alendo ankadyera. Pansi padali chikumba chakuda cha ng'ombe, ntchentche zili ng'waa, khutu lake lija long'ambika likadali pomwepo. Nditasuzumira pazenera ndidaona Wilkins atagwira fupa ndi manja onse awiri, mafuta akuyenderera mpaka pawotchi. Kampango sadatulutse. Ankanyambita zala. Ndidasanza pompo, ndipo mpaka lero ndikamuona akudya ndimatuluka panja.

Mpando sadaupeze. Akulikulu adaupatsa wina, iye n'kubwerera pawindo pake mpaka adapuma ntchito, akuuzabe aliyense kuti adangotsala pang'ono.

Amayi sindidawauze, mtima wawo sukadapirira. Iwo adasiya kupita kukhola, n'kumadikira Wilkins. Akafika pa Khirisimasi, asanakhale n'komwe, ankamufunsa, "Bambo ako ali bwanji kufamu kuja?"

Iye ankayamba wapukuta mpando ndi kampango, kenako n'kuwayang'ana m'maso.

"Ali bwino chomene, amama. Anenepa."