Lamba wa Wotchi ya Bambo

Tiki, tiki, tiki. Kaphokoso kameneka kankachokera m'bokosi lachitsulo la agogo, pansi pa bedi, ndipo sitima yamasana ikadutsa n'kusiya bata, ndinkakamva nditakhala pakhomo. Inali wotchi yapamkono ya bambo anga. Mayi anamwalira ndili wakhanda, bambo anatsatira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anaikidwa konkuno ku Kafue, kutali ndi kwawo ku Nyasalande. Anandilera ndi agogo, amene anabereka mayi anga.

M'mawa uliwonse agogo ankatulutsa wotchiyo n'kupotoza kamutu kake kuti isaime. Kuwerenga nthawi sankadziwa, choncho inkaloza zakezake, koma kuyenda inkayenda. "Si yathu iyi," ankatero. "Ndi ya akuchimuna. Eni ake adzaipeze yamoyo." Kwathu katundu wa malemu savalidwa abale ake asanabwere kudzagawa. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anali ku migodi ya ku Joni, ndipo maliro atatha analemba kalata kuti zovala zipatsidwe osauka a kumpingo koma wotchi isungidwe, adzabwera. Zinapita zaka khumi ndi ziwiri.

Pa nthawi ya boma la Chitaganya ndinayamba ntchito pa siteshoni, yonyamula makalata ndi maphukusi. Pamenepo munthu wopanda wotchi ankangokalipiridwa. Yoyamba ndinagula m'sitolo ya mmwenye, ya lamba wachitsulo wotanuka amene ankandizula ubweya wapamkono. Yachiwiri anandipatsa msodzi wina itagwera mumtsinje, ndipo anaidzutsa ndi Mbemba wina wokonza mawotchi amene ankakhala ndi katebulo pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kusintha malamba ndi kansonga ka lumo. Wansalu ya khaki ndinkavala m'chilimwe, chifukwa wachikopa amanunkha ukatuluka thukuta. Wachitsulo anali wa kuntchito. Wachikopa chofiirira ndinkasungira Lamulungu. Anzanga ankayesa ndili ndi mawotchi asanu.

Tsiku lina Lamulungu, agogo atatsogola kutchalitchi, ndinatsegula bokosi lija. Lamba wa bambo anali wakuda ndi thukuta lakale, wouma, wa ming'alu. Ndinamuchotsa, ndikuikapo wanga wofiirira, ndikuikonza nthawi, ndikuvala. Potuluka m'tchalitchi agogo anayang'ana mkono wanga nthawi yaitali.

"Madzulo ukabweze," anatero.

Zinakhala choncho Lamulungu lililonse kwa chaka chathunthu. Lamba wakale ndinamusunga m'kachitini ka fodya.

Kalata inafika Lachinayi, ndipo ndinainyamula ndekha kuchokera pa sitima. Bambo aang'ono anali atabwerera kumudzi, tsopano anali m'njira, afika Loweruka. Nditawawerengera agogo, anaika manja pamaondo.

"Bweza lamba wake. Akaona kuti inavalidwa, ati ndinakulera mwakuba."

Loweruka m'mawa ndinakhala panja pamene panali kuwala, ndikuyala kansalu kuti timapini tisatayike. Mbali imodzi inalowa bwino. Inayo, nditangopinda chikopa kuti pini idutse, ndinamva kuti thu. Lamba anaduka pakhosi penipeni. Ndinathamangira kwa wokonza mawotchi uja.

Anatembenuza chikopacho ndi chala chimodzi, n'kuyankha m'malankhulidwe ake osakaniza. "Mwaice, ichi chikumba chinafa kudala. Nikatunga, chizang'ambika futi. Faka chabe uja wa braun. Nkoloko ili bwino, ndani azaziba?"

Ankatanthauza kuti chikopacho chinatha kale ndipo sichingasokedwe, ndingoikapo wofiirira uja, palibe adzadziwe. "Adziwa," ndinatero.

"Ba tata bako bang'ono ni ba polisi?"

Sindinaseke. Ndinabwezeretsa wofiirira uja pomwepo, ngakhale pini inandithawa kawiri.

Bambo aang'ono anatsika sitima yamasana atavala jekete lalikulu ngakhale kunkatentha. Ndinawazindikira ndisanauzidwe, chifukwa ankayenda chopendekera kumanzere ngati bambo. Anandigwira chanza n'kundiyang'ana kumaso, kenako pamkono, pamene ndinali nditavala yachitsulo ija. Kunyumba anasamba, anadya nshima ya nsomba, anafotokoza za mvula ya kumudzi ndi za amene anamwalira. Agogo ankangoti, "Inde, bambo. Zoona, bambo."

Mbale zitachoka, agogo anakoka bokosi, anagwada, n'kupereka wotchi ndi manja awiri. Bambo aang'ono anaiika kukhutu. Anagwedeza mutu kuvomereza. Kenako anaitembenuza, chala chawo chikuyenda pa lamba, bowo ndi bowo.

"Apongozi, lamba uyu si wake."

"Ndine ndinalakwa, bambo," agogo anayamba. "Ndinaona kuti..."

"Ndine," ndinatero. "Ndinkaivala Lamulungu. Agogo sanandipatse, ndinatenga ndekha. Lamba wake ndamudula lero m'mawa pofuna kumubwezera."

Ndinapita kukatenga kachitini kaja, ndikutengeranso mawotchi anga awiri ndi malamba onse, ndikuziyala patsogolo pawo pamphasa.

"Tengani izi zonse, bambo. Zonse zikuyenda. Iyo yokha mundisiyire."

Anayang'ana katundu wangayo ngati munthu amene wamuikira mbale yolakwika. "Iwe, ndayenda masiku anayi kudzasinthanitsa mawotchi ine? Ku Joni ndasiya zowala mumdima." Anakankhira pambali ndi kuseri kwa dzanja, n'kutsegula kachitini. Anatenga chidutswa chachitali cha lamba wakale uja, kuchiyang'anitsa kuwindo. Kumapeto kwa mabowo asanu ozungulira bwino kunali lachisanu ndi chimodzi, lokhota, lopserera m'mbali. Ndinali nditaliona kambirimbiri osaliganizira.

"Ili ndinaboola ndine," anatero. "Ndi msomali wamoto, tsiku limene achimwene ankanyamuka. Mkono wawo unali ngati bango." Anaika chidutswacho pamphasa. "Amayi kumudzi saonanso. Maliro a mwana wawo sanawaone, manda sawadziwa. Anandiuza kuti ndisabwerere chimanjamanja, akufuna agwire chinthu chimene chinali pathupi pake."

Anakulunga wotchi ndi zidutswa ziwiri zija m'mpango n'kuika m'thumba lam'kati la jekete. Agogo a kumudziwo sindinawaonepo, koma anali ndi mbali yawo, ndipo anadikira nthawi yaitali kuposa ine.

Lamulungu m'mawa ndinaona agogo akukoka bokosi monga mwa masiku onse. Analitsegula, anayang'anamo, n'kulikankhiranso pansi pa bedi. Kutchalitchi ndinapita mkono uli wopanda kanthu. Mapemphero atatha ndinawaperekeza bambo aang'ono kumanda. Anazula udzu ndi manja, anapemphera motsitsa mawu, ine nditaima kumbuyo ndikuyang'ana thumba la jekete lija, limene linali lotupa pang'ono. Pobwerera anandifunsa funso limodzi lokha.

"Umamangira pa bowo liti?"

"Lomaliza, bambo. Komabe imagwedera."

Anandigwira mkono, kuuzunguliza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zikukumana. Anausiya, tinapitiriza ulendo. Sindinadziwe ngati anali atakwiyabe. Agogo atandifunsa ndi maso pakhomo, ndinangopukusa mutu.

Lolemba ndinawanyamulira sutikesi mpaka pa siteshoni. Ndinali pantchito, choncho ndinkati ndikaponya thumba la makalata ndibwerere pamene anaima, ndikasaina phukusi ndibwererenso. Iwo ankacheza ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma, kutsutsana naye kuti za ku Kafue n'zaminga yambiri. Sitima ya ku Lusaka inamveka ikuwoloka mlatho. Ndinawerenga mphindi pa yachitsulo ija: ikaima, imakhala zisanu zokha.

Anthu anakwera. Ndinalowetsa sutikesi, ndikutsika. Bambo aang'ono anali akadali pansi, dzanja lili m'jekete. Wembulo yoyamba italira (woyang'anira sitima ankaliza kawiri isananyamuke), anatulutsa mpango uja, anaumasula, anachotsamo zidutswa ziwiri za lamba n'kuzibwezera m'thumba.

"Thukuta la achimwene lili umu," anatero. "Amayi akagwira izi. Iyi ikangowasokosera, ndiponso kumudzi kulibe woipotoza. Ndagawa ine, wamva? Ukawauze apongozi kuti ndagawa, apume. Ndipo uboole bowo lina, usadzaigwetse pa njanji."

Anandiika mpango m'manja, wotchi ikugunda m'katimo, n'kukwera sitima itayamba kale kuyenda.