Nyimbo Imene Amayi a ku Chawama Sanavomere

Amene anakhalako ku Chawama zaka za chipani chimodzi zija akuwakumbukira ba Mainess Ngosa, mayi wamfupi wogulitsa tinsomba touma ta kapenta, wa mawu oti akayambitsa nyimbo pamaliro ngakhale zidakwa zinkavula zipewa. Mawuwo ndi amene anawapezetsa benchi mumsika. Musaganize kuti malo ankangogawa ngati mtedza, ayi. Pankafunika khadi la Chipani, ndipo mlendo wamkulu akamabwera m'dziko, amayi a mumsika ankakwezedwa lole kukamuvinira ku bwalo la ndege. Ba Mainess ntchito yawo inali kuyambitsa nyimbo, anzawo n'kumavomera.

Amuna awo, ba Nkole, anachotsedwa ntchito kufakitale mtengo wogulitsira kopa wa kumigodi utagwa, ndiye ana asanu onse ankadya za pabenchi lija. Kenaka ufa unakwera mtengo, sopo n'kusowa, mafuta ophikira n'kumangowamvera kwa anzako. Anthu ankati ndi mankhwala owawa amene obwereketsa ndalama akunja alamula kuti dziko lichire. Ha, mankhwala ake omwetsa mwana, chonsecho wodwala ndi wina!

Ali pamzere wa ufa, ba Mainess anapeka nyimbo: "Ngongole anatenga ndani, kuti abweze mwana wanga?" Amayi n'kumavomera, "Sitinasaine ise, sitinasaine!" Inayenda yokha mpaka ku Kanyama ndi ku Matero, mzere uliwonse ukuwonjezerapo zakezake.

Tsiku lina kunamveka kuti obwereketsa aja akubwera okha. Amayi anapangana kuseri kwa msika.

"Tikaimbe pamenso pao, bamve," anatero Felistus wogulitsa tomato, mayi woti pakamwa pake sipankapuma. "Imwe yambani chabe, ise tili kumbuyo kwanu."

Onse analumbira, ena mpaka kuloza kumwamba.

Ku bwalo la ndege anaima padzuwa kuyambira m'mawa atavala zitenje za Chipani, apolisi kutsogolo, ndipo ba Kasoma, tcheyamani wa msika, akuyendayenda pakati pawo. Alendo anatsika, amuna anayi a masuti. Ba Kasoma anakweza dzanja kuti nyimbo iyambe. Ba Mainess anali ndi mantha, koma anakoka mpweya.

"Ngongole anatenga ndani, kuti abweze mwana wanga?"

Zii. Nyimbo yovomerana ilibe pobisala: woyambitsa akaponya mawu amadikira, ndipo aliyense amamva kudikirako. Anabwereza mokweza. Woimba ng'oma anachotsa manja pang'oma. Ba Mainess atacheuka anaona Felistus akumanga mpango womanga kale, ena akuyang'ana zala zakumapazi. Sindikuwanena, abale, aliyense anali ndi benchi lake ndi ana ake, koma manyazi amene anawagwira ba Mainess anali oti bola nthaka ikanang'ambika. Kachitatu sanayese. Anayambitsa yolandira alendo ya masiku onse ija, amayi n'kuvomera mwamphamvu mpaka alendo kuomba m'manja.

M'mawa mwake anapeza mlamu wa tcheyamani akuyala anyezi pabenchi pawo.

"Simunapishidwe, ba Mainess," anatero ba Kasoma mofatsa. "Pumulankoni chabe. Tizaona mwamene muzaimbila mwezi wa mawa, kubwela balendo benangu."

Ba Mainess anayamba kuyala kapenta pathumba m'mbali mwa msewu, pafumbi, akuthawathawa anyamata a Chipani. Alendo enawo atabwera anaimba ndi mtima wonse. "Mwayesako," anatero tcheyamani, "tione futi." Anaimbanso. Zaka zitatu lole sinanyamukepo iwo palibe, pakuti mawu ngati awo mu Chawama munalibe, ndipo ba Kasoma anaona kuti munthu wodikira benchi amaimba bwino kuposa amene ali nalo. Felistus ankawasungira malo mulole, koma sankawayang'ana m'maso.

M'mawa wina lole ikuliza hutala, ba Nkole anawagwira dzanja pakhomo.

"Amake Chisala, sibazakubwezela benchi baja. Ukwelela chani?"

"Niziba," anayankha akumanga chitenje. "Koma nikaleka kukwela, ndiye kuti benchi yaendelatu."

Anamasula dzanja lawo n'kuthamangira lole.