Moni Amene Anandigwetsa Maso

Mundikhululukire polemba izi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Henga, ndipo nkhonya zomwe ndinasewera sizinafike poti munthu n'kuzilemba. Koma nkhaniyi yandilemera nthawi yaitali, ndiye ndati ndiitule.

Amene anandiphunzitsa nkhonya anali bambo a ku Dedza, kalaliki pa boma la Rumphi. Akaweruka, ankaphunzitsa anyamata kuseri kwa nyumba yawo. Tinkamenya thumba la feteleza lodzaza mchenga wa ku Njakwa. Ine ndinkapalasa njinga kuchokera kumudzi katatu pa sabata, n'kufika miyendo italema kale. Akochiwo anali atalonjeza kutenga mnyamata mmodzi kukasewera ku Mzuzu. Ndinkafunitsitsa kuti akhale ine, aone kuti sanataye nthawi yawo pachabe.

Mphamvu ndinali nazo. Vuto linali maso. Kwathu mwana sayang'ana wamkulu kumaso, amazyolika. Ndinakula choncho, ndipo kutchalitchi ankandiyamikira nazo.

"Iwe, pansipo pali chiyani?" ankatero akochi. "Wataya singano? Yang'ana kuno!"

Ankandigunda pachipumi ndi golovesi.

"Yewo, akochi."

"Yewo wa chiyani? Ndakumenya, ndiye ukuthokoza?"

Anzanga ankaseka mpaka kukhala pansi.

Akochi ankati nkhonya imayambira m'maso, manja amangotsatira. Ukazyolika, wamuuza mnzakoyo kuti pakhomo palibe galu, alowe. Kwa miyezi ingapo ankandiimika patsogolo pawo, kuti tiyang'anizane osaphethira. Thukuta lake linkaposa la kuthamanga. Pang'onopang'ono ndinazolowera, makamaka ndi anyamata a msinkhu wanga.

Mpikisano wosankhira wopita ku Mzuzu unachitika masana, mu holo ina pa boma. Anandipatsa msodzi wa ku Chiweta, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, amene anali atamenya nkhonya zaka zambiri. Woyimbira atatiitanira pakati, ndinawayang'ana asodziwo m'maso monga akochi anandiphunzitsira. Iwo anamwetulira, n'kulankhula m'Chitumbuka, motsitsa mawu.

"Monire, mwana wane. Adada ŵali makora?"

Atafunsa choncho za moyo wa bambo anga, anawonjezera kuti kale ankaimba nawo kwaya, ndiponso anandinyamulapo ndili khanda. Kaya zinali zoona, mpaka lero sindidziwa. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankha moni mwaulemu, nkhope itagwa kale.

Raundi yoyamba ndinkangoona mapazi awo. Dzanja langa likalunjika kumaso, linkakhotera lokha paphewa. Kamodzi kokha ndinawapeza pachibwano, ndipo mawu anatuluka ndisanawagwire: "Pepani, adada." Anthu amene anali pafupi ndi zingwe anamva. Phwete linafalikira holo yonse.

Pakona akochi anandithira madzi kumutu.

"Amenewo si bambo ako, wamva? Akumenya kale ndi moni uja. Zinazi akungomalizitsa."

"Ndiyesetsa, akochi."

"Usayesetse. Dzutsa mutu basi."

Ndinaudzutsa. Koma nthawi iliyonse ndikaona imvi zija, khosi linkafooka. Asodziwo sanafulumire n'komwe. Ankandimenya m'nthiti modekha, ngati akukonza ukonde, uku akunong'ona kuti, "Wakula chomene, mwana wane." Mu raundi yachitatu mpweya unandithera, akochi n'kuponya thaulo kusonyeza kuti tagonja.

Ku Mzuzu kunapita mnzanga wina. Ine ndinapitirizabe kupalasa njinga kwa masabata angapo, poopa kuwakhumudwitsa akochi. Koma thupi linkafika lokha, mtima utatsala kumudzi. Thumba lija nalonso ndinkalimenya ngati ndikulipepesa.

Tsiku lina ndinapukuta magolovesi amene akochi anandibwereka, n'kupita nawo kunyumba kwawo. Ndinawapeza akutsuka njinga yamoto. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Anayang'ana magolovesiwo, koma sanawalandire.

"Aike pakhondepo. Ukapereke moni kunyumba."

Sanandikakamize, inenso sindinabwererenso. Linali tsiku la 6 Julaye, maofesi atatseka chifukwa cha tchuthi cha ufulu.