Mzere wa pa Geti

Ntchito yanga ku esiteti ya tiyi inali yolembera mabwana tsamba limodzi mwezi uliwonse, kuwauza kumene chuma cha dziko chikulowera: kwacha yagwa bwanji, feteleza ndi dizilo zikwera liti, tiyi akuyenda motani ku msika wa okushoni ku Limbe. Nzeru zake ndinkatola m'nyuzipepala ndi pa wailesi, n'kuzitaipa bwinobwino kuti zioneke ngati zanga. Kunena zoona, mabwana ambiri ankangokhazikapo kapu.

Chaka chimenecho nyuzipepala zinkati chimanga m'dziko chilipo chokwanira. Koma m'mawa wina mu Julayi, nyengo yozizira imene tiyi saphukira ndipo sitilemba anthu ntchito, ndinapeza mzere pa geti. Mlonda wathu, bambo wachikulire wa ku Thekerani, anandiuza kuti anthuwo akufuna ganyu iliyonse, ndipo akhala akubwera sabata yonse.

"Akalaliki, munthu woti nkhokwe yake ili ndi kanthu sabwera kuno mwezi uno," anatero. "Kadzionereni nokha kumsika."

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Makwasa. Makaka, chinangwa chouma chija anthu amasungira masiku oipa, anali akulimbirana ngati nyama. Nkhuku ndi mbuzi ndiye zinali zongotaya. Ndinazilemba zonsezi mu lipoti, n'kuwonjezera mawu amene palibe anandipempha: kampani igulire antchito chimanga tsopano, chisanasowe.

Kumsonkhano akauntanti anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kufunsa kuti mlondayo anaphunzira za chuma ku yunivesite iti. Bwana wamkulu, munthu wa kumpoto wosakonda zolankhulalankhula, sanaseke. Anawerenga tsambalo kawiri, nalamula kuti chimanga chigulidwe. Ena atatuluka anandiuza kuti nditsale.

"Chikafumbwa mosungiramo popanda wochidya, inu ndi icho mudzatulukira geti limodzi."

Nyumba imene tinkakhala inali ya kampani, ndipo mayi a kunyumba anali oyembekezera. Ndinaonda. Ndinkadutsa dala kuseri kwa nyumba yosungiramo chimangacho, kutchera khutu ngati ndingamve anankafumbwe akudya ntchito yanga. Kutchalitchi sindinkadziwa chopempha. Kuti ndipulumuke ine, panafunika kuti anthu asowe chakudya, ndipo zimenezi zinkandichititsa manyazi.

Njala sinadikire pemphero langa. Pofika Januwale, mvula itagwa ndipo tiyi ataphukira mapiri onse, chimanga kumsika kunalibe ngakhale kwa wokhala ndi ndalama. Tinkamva za anthu akugwa m'minda ya maesiteti ena, dengu lili kumsana. Kwathu bwana anatsegulitsa nyumba yosungiramo chimanga ija. Ndinaima poteropo n'kumaona amayi othyola tiyi akutuluka atasenza timatumba, wina akukalipira mnzake m'Chilomwe kuti wamupondera chitenje. Anali ndi mphamvu zokangana. Ndinakhala pansi pa mtengo wa bulugama, mtima utakhala m'malo koyamba chichokere Julayi. Misozi inatsika ndithu, ndipo sindinaibise.

Mwezi wotsatira ndinapereka tsamba langa monga mwa masiku onse, lodzaza ndi kwacha ndi dizilo. Bwana analiyang'ana pang'ono n'kundibwezera.

"Izi ndaziona kale m'nyuzipepala. A pa geti akuti chiyani?"

Ndinatenga kope ndi cholembera n'kutsetserekera ku geti. Mlonda uja atandiona ndikubwera anadzuka kuti andipatse kampando kake. Ndinawauza kuti akhale, ine ndikhala pa mwalapa.